Njinga ya munthu wathupi: ya mpikisano, yachikale, Buffalo kapena yamagiya ya pakaunjika?

Munthu wolemera makilogalamu 100 kapena 120 akamafuna njinga, ambiri amamulangiza kuti ayang'anitsitse felemu. Ine ndimati ayambe wayang'ana gudumu la kumbuyo. Felemu siithyoka kawirikawiri. Chimene chimagwetsa ulesi anzathu athupi ndi masipoko oduka mwezi ndi mwezi, limu yopindika mpaka kumakhula mabuleki, ndi chubu chophulika pa kadzenje kamene wochepa thupi wangodutsa osamva kanthu. Kulemera kwambiri kwa wokwera kumatsamira kumbuyo, choncho njinga zinayi zimene zimapezeka kuno kwathu ndiziyeza ndi gudumu limenelo.

Ndiyambe ndi ya mpikisano, ija ya mahandulo opindikira pansi ndi matayala owonda, chifukwa ndiyo imakopa maso. Pa tala wosalala palibe yoipambana liwiro, ndipo mutha kuinyamula ndi dzanja limodzi. Koma kupepuka kumeneko anakupeza pochotsa zinthu zimene munthu wathupi amazifuna. Zambiri za masiku ano zili ndi masipoko 20 kapena 24 pa gudumu, ndipo zakaleko zili ndi tayala la mamilimita 23 kapena 25 m'lifupi. Opanga eniake amaika malire: kampani ya Trek imalemba kuti njinga zake zamtunduwu zisapitirire makilogalamu 125, kuwerengera pamodzi njinga, wokwera ndi katundu. Mukakhala wa 115, ndiye kuti mwafika kale pamalirewo musanakolekepo chikwama. Tayala lowonda likagunda m'mphepete mwa dzenje, chubu chimapanikizika ndi limu n'kuboka timabowo tiwiri toyandikana. Onjezanipo zoti pa M1 galimoto yaikulu ikakuimbirani hutala mumatsikira kufumbi, kumene tayala loterolo silikhazikika. Ngati mtima wanu uli pa ya mpikisano basi, pezani ya felemu yachitsulo imene ili ndi mpata wa tayala la mamilimita 32 kapena kuposa, n'kuimangira gudumu la masipoko 36. Ya felemu ya carbon (ulusi wopepuka womatidwa pamodzi, osati chitsulo) yogula kwa wina musaiyandikire n'komwe, chifukwa mng'alu wake umatha kubisala mkati osaoneka.

Yachiwiri ndi yachikale, yakuda ija ya magudumu a mainchesi 28 ndi mabuleki a timitengo tachitsulo, mtundu umene Raleigh ndi Humber a ku England anautchukitsa, Hero ndi Avon a ku India komanso Phoenix ya ku China n'kuufalitsa m'midzi yonse. Imeneyi musaipeputse. A kabaza amanyamulapo munthu wamkulu tsiku lonse, ogulitsa makala amasanjikizapo matumba mpaka mwini wake osaoneka. Ili ndi mwayi umodzi umene ambiri saudziwa: popeza giya yake ndi imodzi, masipoko a kumanja ndi kumanzere amakoka mofanana, gudumu n'kukhala lolimba. Pa njinga yamagiya ambiri, mano a magiya amadya malo kumanja, masipoko a kumanzere n'kukhala olefuka kuposa anzawo. Ndipo palibe msika umene mungasowe chubu, kotapini kapena mmisiri woidziwa.

Komabe yang'anani bwino njinga ya kabaza ili pa siteji. Si mmene inatulukira m'sitolo. Kaliyala anachita kukawotchereretsa wina wa zitsulo zochindikala, masipoko anasintha, foloko ena anaigwiriziza ndi timitengo tiwiri. Ndiye mtengo umene mwauona pa sitolo si wonse ayi. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa njingayi ndi mabuleki. Labala ikamakhula limu yachitsulo yonyowa ndi mvula, imachedwa kugwira, ndipo munthu wolemera amafuna mtunda wautali kuti aime. Ku Salima, ku Nkhotakota kapena ku Nsanje, kumene malo ndi achidikha, zimenezi si nkhani yaikulu. Koma potsetsereka ku Thabwa kulowera ku Chikwawa, sindingamuuze m'bale wanga wathupi kuti adalire mabuleki amenewo.

Buffalo ndi ya bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005, ndipo ili ndi masitolo ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Pa zinayizi, ndi yokhayo imene anaipangiratu dala kuti izinyamula zolemera pa misewu yathu. Kaliyala wake yekha anamuyeza kuti anyamule makilogalamu 100, masipoko ndi ochindikala, felemu ndi yachitsulo. Buleki ya Buffalo yodziwika kwambiriyo ili mkati mwa habu, mumangopondereza mapedulo chambuyo, motero mvula siisokoneza. Zimene wa kabaza amachita kuwonjezera pa yachikale, apa mumazipeza zili kale. Mtengo wake ndi wokwererapo, ndipo njingayo payokha imapitirira makilogalamu 20. Ikani pamenepo thupi lanu ndi giya imodzi, mukumane ndi zitunda za ku Dedza kapena za mu Blantyre: mudzatsika n'kumakankha, kapena mawondo adzayamba kudandaula. Tsopano kuli ina ya matcheni awiri yotchedwa S2, imene ili ndi magiya awiri. Yachepetsako vutolo, ngakhale magiya awiri safanana ndi 21 a njinga yamagiya ambiri.

Yachinayi ndiyo ndimaikonda kwa munthu wokhala kumapiri: njinga yamagiya ya m'mapiri (mountain bike) yakale ya pakaunjika, ya felemu yachitsulo, magudumu a mainchesi 26, yopanda masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Gudumu laling'ono limapirira kuposa lalikulu ngati masipoko ali ofanana kuchuluka. Magiya opepuka amakukwezani chitunda muli khale pa chishalo. Mukachotsa matayala azigonamgonamu aja n'kuika osalala koma otambalala, imathamanga bwino pa tala ndipo ikatsikira kufumbi siichita mantha. Felemu yachitsulo ikang'aluka, wowotcherera wa pamsika aliyense aikonza, pomwe ya aluminiyamu imafuna makina ndi luso zimene sizipezeka paliponse.

Vuto lake n'lakuti pakaunjika pali zabwino ndi zinyalala malo amodzi. Zonyezimira zija za sipuling'i yaikulu pakati zilekeni: pansi pa munthu wolemera sipuling'i yotchipa imangonyotsoka n'kumadya mphamvu zanu, ndipo ikayamba kugwedera mulibenso chochita. Musanalipire, gwadani pansi muwerenge masipoko a kumbuyo. Akhale 36, kapena 32 ngati limu ili ya makoma awiri. Finyani masipoko awiriawiri ndi zala kuzungulira gudumu lonse. Mukapeza ena olimba ena ofewa, gudumulo likufuna mmisiri lisanakwerepo munthu. Kwezani kumbuyo, zungulizani gudumu, muone ngati limu ikupita uku ndi uku pakati pa mabuleki. Kenako ligwedezeni cham'mbali. Likamagwedera, mwina ndi mabelingi chabe, koma mwina ekiselo yapindika, zimene zimachitika kawirikawiri pa mahabu amene mano a magiya amachita kumangidwa mopotokola. Pa mahabu amenewo belingi ya kumanja ili mkati kwambiri, ekiselo n'kutsala yopanda chochirikiza. Habu ya cassette, imene mano a magiya amachita kulowetsedwa osapotokola, ilibe vuto limeneli, ndipo munthu wathupi akaipeza asaisiye.

Kunena mwachindunji: wokhala kuchidikha amene amanyamulanso katundu atenge Buffalo, ndalama zikachepa atenge yachikale n'kuilimbitsa ngati mmene amachitira a kabaza. Wokhala kumapiri, kapena wopalasa mtunda wautali pa tala pofuna kulimbitsa thupi, afune yachitsulo yamagiya. Iliyonse imene mwasankha, patulani ndalama ya mmisiri wodziwa kumanga magudumu. Kawirikawiri sipoko siiduka chifukwa chomangidwa kwambiri. Imaduka chifukwa yolefuka imamasuka n'kukokedwanso nthawi iliyonse gudumu likazungulira, mpaka chitsulo chimatopa pa kakhosi kake pafupi ndi habu. Masipoko awiri kapena atatu akaduka motsatizana, musamalowetse imodziimodzi, enawo atopanso. Muuzeni mmisiri amasule gudumu lonse, amange ndi masipoko atsopano, ndipo mubwererenso kwa iye pakatha masabata angapo kuti akawakungenso.