Mafonti azibwera okha kapena tiziika tokha?

Anzanga a Linux, nkhani iyi tinakangana mpaka kunja kuda pa kafe yathu ku Kalingalinga, ndiye ndati ndiilembe. Ukaika pulogalamu, izikoka yokha mafonti kapena ayi?

Pa Debian na Ubuntu, mitundu ya Linux, njira zomangirira fonti ku pulogalamu zilipo zitatu: Depends, Suggests na Recommends. Depends ndiye chikakamizo, fonti ibwera ufune usafune, ndipo ukati uichotse apt, chida choikira mapulogalamu, afuna achotse na pulogalamu yomwe. Ubwino wake suona tumabokosi m'malo mwa zilembo, koma taganizani munthu ali pa bundle ya tsiku limodzi, afuna chabe ka pulogalamu kolembera, kenaka kamukokera Noto CJK, zilembo za ku China, Japan na Korea zoti sadzaziwerengapo, bundle yathera pomwepo. Apo ine nakana. Ngati pulogalamu singatseguke popanda fonti, imodzi yaing'ono ngati DejaVu yakwana.

Suggests imangokuuza kuti fonti yakuti ilipo, osaika. Ndi momwe optdepends imachitira pa Arch, mtundu wina wa Linux. Pa server zili bwino, kulibe amene amayang'ana zilembo kumeneko.

Koma pa desktop mmm ayi. Tsiku lina kunabwera mayi wina na CV pa flash yolembedwa mu Calibri, makina amene tinatsegulira analibe Carlito, fonti yolowa m'malo mwa Calibri pa Linux, ndiye fontconfig, imene imasankha mafonti, inangotola fonti ina yotambalala, masamba awiri anasanduka atatu, tebulo la maphunziro linaduka pakati, mayi uja ali na interview mmawa wake ndipo ndalama ya printi walipira kale. Zinandiwawa. Carlito zilembo zake n'zofanana m'lifupi na Calibri, Caladea na Cambria, Liberation na Arial komanso Times New Roman, ndiye mizere simasuntha. Manje munthu amene wayamba Linux dzulo angadziwe bwanji maina amenewa kuti aike yekha? Nanga ŵ wathu uja wa mu Malaŵi, fonti ikakhala ilibe amabwerekedwa kwina n'kuoneka ngati mlendo pakati pa mawu.

Ndiye ine ndili ku Recommends. Apt imaika yokha, koma ukachotsa fonti pulogalamu imatsala, ndipo wodziwa amene akusunga bundle amangolemba --no-install-recommends basi. Linux ya Fedora nayo ili nazo, amati weak dependencies.

Amene muli na makafe na mashopu a printi ku Kamwala uko, lembani fc-match Calibri pa terminal, polembera malamulo paja, musanalandire CV ya munthu, kuti muone fonti imene ilowe m'malo mwa Calibri. Ikapanda kuyankha Carlito, ikani fonts-crosextra-carlito lero lomwe.