Soli ya labala, ya PVC kapena ya EVA: ndi iti imagwira pansi nyengo ikasintha?

Anzanga amandifunsa kawirikawiri chifukwa chake ndikamagula nsapato ndimayamba ndakanikiza soli ndi chikhadabo. Soli imagwira pansi ikakhala yofewa moti n'kulowa m'timaenje tosaoneka ta simenti kapena matailosi. Ikauma imangokhudza pamwamba, ndipo chimene chimaiumitsa kapena kuifewetsa ndi kuzizira ndi kutentha.

Imene ndili nayo chakukhosi ndi ya PVC. M'sitolo mofunda imapindika bwinobwino, wogulitsa n'kumalumbira kuti ndi labala. Bodza limenelo. PVC payokha ndi pulasitiki youma gwa mpaka kutentha kufike madigiri pafupifupi 80, ndipo kufewa mukukuonako n'kwa mankhwala amene amathiramo poipanga. Kukazizira kwambiri kufewa kobwerekako kumathawa. Ine ndinalowa nazo m'chipinda choziziritsira katundu, pansi pali kachinyezi. Posakhalitsa soli inayamba kulira ngati thabwa, kenako phazi linangopita lokha, ine khu! chagada.

Choipanso n'chakuti mankhwalawo amatuluka pang'onopang'ono, makamaka nsapato ikamakhala padzuwa. Ndiye imene inkagwirako muli kugula, pakapita nthawi imaterera ngakhale kusanazizire, n'kusweka pamene phazi limapindikira.

Labala wachilengedwe amaumiratu pa madigiri pafupifupi 70 pansi pa ziro, choncho kuzizira kumene munthu amayendamo sikumuumitsa chotero. Vuto lake ndi kulemera, komanso pa phula lotentha amafewa n'kudyeka msanga. Ogwira ntchito pamalo otentha kwambiri afunefune soli yolembedwa HRO, imene imayesedwa pa madigiri 300 kwa mphindi imodzi.

EVA, pulasitiki yofewa ya thovu ija, ndi yopepuka ndipo phazi limasangalala, koma ikaiwalika m'galimoto yotsekedwa padzuwa imakwinyika, ndipo pa matailosi onyowa sindiikhulupirira. Ya PU, pulasitiki ina yotchedwa polyurethane, imagwira bwino, kungoti mukaisunga pofunda ndi pachinyezi osaivala imanyenyeka yokha. Yachikopa ndi yotchenera basi.

Ine ndimagula ya labala, ilemere ilemere. Koma pa madzi oundana amene ayamba kusungunuka, pa madigiri 0 pomwepo, nayenso labala amaterera, chifukwa kamadzi ka pamwamba kamalekanitsa soli ndi pansi. Pamenepo pamafunika tizitsulo tomangirira kunsi kwa nsapato.