Sizasi, kandulo, msomali wamoto kapena soldering iron: chodulira nsalu zaluso n'chiti?

Amene mumasoka zithunzi zopachika pakhoma, maluwa a pa chipewa kapena zokongoletsera zikwama mukudziwa kuti kudula nsalu n'kosavuta. Chovuta chimabwera mukadula, ulusi wa m'mphepete ukayamba kuyoyoka. Njira zinayi zili pansizi ndaziyesa zonse, ndipo imene ingakuthandizeni imadalira nsalu imene muli nayo m'manja.

Poyamba dziwani nsalu yanu. Sololani ulusi pang'ono, muuyatse ndi machesi. Ukayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, ndi thonje. Ukakhwinyata n'kusanduka kachibulumwa kolimba kakuda, ndi polyester kapena nylon. Musadalire maso okha: zitenje zambiri zotchipa pamsika zimaoneka ngati thonje koma ndi polyester. Thonje, silika ndi ubweya sizisungunuka, zimangopsa. Choncho njira zonse za moto sizikukhudza nsalu zimenezi.

Sizasi ndiye wantchito wokhulupirika. Imadula nsalu iliyonse, sifuna magetsi, sinunkhitsa m'nyumba. Pa thonje palibenso ina. Koma pa organza, nsalu yopyapyala yoonekera ija ya pa madiresi aukwati, sizasi imakusiyani m'mavuto. Nsaluyo imaterereka, ndipo kaduwa kamene mwadula m'mawa kamakhala katayamba kumasuka musanakasoke n'komwe. Sizasi ya mano imachepetsako kuyoyokako, koma mano akewo amawononga maonekedwe a tsamba laling'ono. Kuboola kabowo pakati pa nsalu ndi sizasi ndiye ntchito yotopetsa zedi.

Kandulo ndi imene matelala ambiri amagwiritsa ntchito pomanga mapeto a riboni, ndipo pa ntchito imeneyo ikukwanira. Koma kandulo sidula, imangotsatira pamene sizasi yadutsa, ndipo lawi silimva malamulo. Limadetsa nsalu yoyera ndi mwaye, likafuna limadya mbali yonse ya duwa. Ubwino wake umodzi ndi woti limapinda m'mphepete mwa nsalu ngati duwa lenileni.

Msomali wotenthetsa pa mbaula, wogwira ndi pulayala, umadula ndithu, ndipo ndi umene ndimathawirako magetsi akathima. Koma umachoka pamoto uli wotentha mopitirira muyeso, umazizira msanga, ndiye mzere umodzi womwewo umayamba wopserera n'kutha wosaduka.

Soldering iron, kachitsulo kamagetsi kamene okonza mawailesi ndi mafoni amasungunulira mtovu, imathetsa vuto la msomali chifukwa kutentha kwake sikusinthasintha. Polyester imasungunuka pa madigiri 250 mpaka 260, ndipo nsonga ya kachitsuloka imapitirira madigiri 300. Ikamadutsa imadula n'kumata m'mphepete nthawi yomweyo, palibe ulusi wotsala. Ku Britain, Margaret Beal ndi mmodzi mwa amisiri amene anatchukitsa njirayi, posanjika organza ya nylon pamwamba pa felt (nsalu yokhuthala ya ulusi wopanikizidwa, osati wolukidwa) ya acrylic, ulusi wosungunuka ngati polyester, n'kumazimata ndi nsonga yamoto.

Pa kusanjikako ndi pamene soldering iron imasiyira zinzake kutali. Ikani nsalu zitatu kapena zinayi za mitundu yosiyana pamodzi, mudutsitse nsonga motsatira rula yachitsulo: zimaduka zonse, m'mphepete mwake zitagwirana ngati mwasoka, opanda singano kapena guluu. Mukapeputsa dzanja, nsongayo siboola koma imasiya mzere wolowa pansi, ndiye mutha kujambula mitsempha ya tsamba, mamba a chambo kapena timadontho tambirimbiri. Mukasoka kaye chithunzi ndi ulusi wa thonje, mutha kudula nsalu ya pamwamba motsatira msokowo mpaka mtundu wa pansi uonekere, chifukwa ulusiwo susungunuka ndipo umatchinga nsonga ngati mpanda. Mukasoka ndi ulusi wa polyester msoko wonse umasungunukira limodzi. Ineyo ndinataya ntchito ya masiku awiri ndisanazindikire zimenezi.

Pa nkhani yolemba zizindikiro, choko cha telala chimafufutika mukalakwitsa, pomwe mzere wamoto ndi wamuyaya. Ine ndimajambula ndi choko kaye, nsonga n'kutsatira pambuyo.

Ma soldering iron nawonso amasiyana. Yaikulu ya mawati 40 kapena 60, ya nsonga yofanana ndi sikuludilaiva, imatentha kwambiri ndipo imasiya mpata waukulu wa m'mbali zolimba zokanda khungu. Funani yaing'ono, ya mawati 15 mpaka 30, ya nsonga yosongoka ngati pensulo. Imene ili ndi posinthira kutentha ndi yabwino koposa ngati mumasakaniza nylon ndi polyester, koma yaing'ono wamba ikugwirirani ntchito mukaphunzira liwiro la dzanja: kuchedwa kumaboola, kuthamanga kumakoka ulusi. Ndipo musabwereke ya wokonza wailesi, mtovu wotsalira pa nsonga udzadetsa nsalu.

Dulirani pa galasi kapena pa thailosi, osati pa tebulo lamatabwa, ndipo rula ya pulasitiki isayandikire. Nsonga ikamata zinyalala zakuda, ipukuteni pa waya wosalala wotsukira mapoto. Poyipumitsa, ilowetseni pa bowo la mphika wadothi wa maluwa wovundikira. Utsi wa nsalu yosungunuka ndi utsi wa pulasitiki, choncho tsekulani mawindo kapena gwirirani ntchito pakhonde, ana ali kutali ndi chingwe.

Pa ntchito zanga, chitenje cha thonje chimadulidwa ndi sizasi n'kupindidwa m'mphepete, riboni imapita ku kandulo, ndipo organza, satini ndi felt zimadikira soldering iron ngakhale magetsi atachedwa kuyaka mpaka usiku.