Presha ya boyila ikamatsika: kufufuza nokha kapena kuitana pulambala?

Kuno ku Mzuzu, kumene kumazizira kwambiri mu June ndi July, muvi wa geji ya boyila yotenthetsa nyumba ukamatsika pansi pa 1 bar (muyezo wa presha ya madzi) pali njira ziwiri.

Kufufuza nokha sikulira ndalama, koma kumafuna usiku wathunthu. Zimitsani boyila izizire, dzazani madzi mpaka 1.5 bar, ndipo tsekani mavavu ake awiri a mapaipi otulutsa ndi obweza madzi otenthetsa nyumba. Muvi ukatsika pofika m'mawa, vuto lili m'boyila. Ukatsika mutatsegula mavavuwo, mapaipi akudontha.

Pulambala amalipiritsa, koma amayeza mpweya wa mu expansion vessel (kathanki kolandira madzi akafufuma ndi kutentha), umene ukatha presha imakwera kufika 3 bar madzi akatentha, n'kuyamba kutayikira panja kudzera pa vavu yotetezera.

Njira yoyamba ikuyenera amene akuona chinyezi polumikizira mapaipi. Ngati paipi yakunja yochokera pa vavu yotetezera ikudontha, itanani pulambala msanga, chifukwa kumangowonjezera madzi kumabweretsa dzimbiri.