Tinalipira geti ku Appleby, komwe kulibe geti

Ine ndinakulira pangolo ya ng'ombe ku Mchinji, kavalo ndinkangomuona pazithunzi. Ndiye uthenga utafika pagulu lathu la WhatsApp kuno ku Leeds, ku England, woti kuli ulendo wokaona msika wa akavalo ku Appleby, sindinafunse zambiri. Ndinasinthanitsa shifiti ya Loweruka kuntchito yanga yosamalira okalamba n'kutumiza ndalama tsiku lomwelo, mapaundi 95. Wokonza ulendoyo, yemwe tonse tinkamuti achimwene poti ndi wakwathu, anaziwerengera bwinobwino: 45 ya basi, 30 ya pageti, 20 yokwerera ngolo ya akavalo. Tinalipo anthu 32.

Abale anga, ku Appleby kulibe geti. Kulibe tikiti, kulibe mwini msika woti n'kumulipira. Ndi msonkhano umene anthu a mtundu wa Gypsy ndi ma Traveller, mitundu ya chikhalidwe choyendayenda, amadzichitira okha chaka ndi chaka kumayambiriro kwa June, m'tauni ya anthu pafupifupi 3,000 m'chigawo cha Cumbria. Iwo amafika okwana ngati 10,000, obwera kudzaonerera ngati 30,000, ndipo aliyense amangolowa m'misewu ngati mmene timalowera pamsika wa Lachisanu. Werengani nokha: 30 kuchulukitsa ndi 32, mapaundi 960 a mphepo. Ngolo yomwe tinalonjezedwa nayonso sitinaione. Titafunsa, achimwene anati mwiniwake wadwala. Ena 640 amenewo.

Zinayambira pokwera pomwe. Basi isananyamuke anadutsa ndi chipewa kutolera mapaundi 8 aliyense, ati ndi ya "bukingi", mawu omwe sanatulukepo pa uthenga uja. Titatsala pang'ono kufika, chipewa chija chinadutsanso: mapaundi 5 oimikira basi. Apa ndi pomwe dalaivala, bambo wachikulire wa imvi amene anali asanalankhule kanthu njira yonse, anazimitsa wailesi n'kutulutsa pepala. Malo oimikira anali olipiridwa kale pamodzi ndi basi, anatero, ndipo sanyamuka mpaka aliyense abwezeredwe 5 yake. Anabwezadi achimwene, nkhope ili gwaa. Ndi bambo yemweyo amene ananditsina khutu za getilo titatsika, n'kundiuzanso kuti sitima yochoka ku Leeds kupita ku Carlisle imaima pa Appleby penipeni, ulendo wa maola awiri basi, ndipo siteshoni ili pafupi moti mumangoyenda wapansi. Pobwerera tinamusonkhera kangachepe, anakana.

Msikawo wokha sindiunyoza ayi. Ndinaima pamlatho wa mtsinje wa Eden kuposa ola lathunthu, kuonera anyamata akulowetsa akavalo m'madzi atawakwera opanda chishalo, ena mpaka kavalo kusambira mutu wokha uli pamwamba. Kumtunda amawapaka sopo wotsukira mbale, uja wa m'botolo, n'kupesa ubweya wautali wa m'miyendo mpaka uyere mbee kuti wogula akopeke. Kenako pali kamsewu komwe amathamangitsiramo akavalo okoka timangolo ta matayala awiri. Ziboda zikamagunda phula mumazimvera m'chifuwa. Musaime kutsogolo kwa mpanda pofuna selfie, kavalo sadziwa kuti viza yanu munaivutikira. Malonda amatha pomenyana m'manja, ndalama zake za pamanja, ndipo pamwamba pa Fair Hill pali ngolo zogonamo za denga lopindika, zopakidwa utoto wobiriwira ndi wagolide, moto wophikira uli panja. Zinandikumbutsa agogo, mmene ankakometsera goli la ng'ombe zawo pokatenga mkwatibwi. Koma amenewo ndi makomo a anthu, osati zidole. Mnzathu wina anasuzumira mkati osaodira, mayi wa pamenepo anamukalipira mpaka tonse tinachita manyazi.

Tsopano inu a kumudzi. Nditangoika zithunzi pa Facebook, msuweni wanga wa ku Lilongwe analemba kuti ndimugulire kavalo mmodzi ndi ngolo, azinyamula maukwati ku Area 47. Achimwene omwe aja anali atayamba kale kunong'oneza anthu m'basi kuti akudziwa wotumiza. Galamukani. Kuno kavalo aliyense amakhala ndi pasipoti yake ndi kachipangizo komuzindikiritsa pansi pa khungu, ndipo salowa m'kontena pamodzi ndi mafiriji ndi mabelo a kaunjika. Ngakhale atafika, kwathu kuli matenda a akavalo ofalitsidwa ndi tizilombo touluka ting'onoting'ono, amene amapha kavalo wosazolowera m'masiku ochepa. Nyama yoleredwa m'mvula yozizira ya ku Cumbria mukufuna ikakoke ngolo padzuwa la October? Inu amene mbuzi ziwiri zinakukanikani kudyetsa?

Ndipo amene muli m'njira kubwera kuno, dziwani kuti okudyerani ambiri sadzakhala azungu. Adzakhala okupatsani moni wa "muli bwanji" mutatha miyezi itatu osaumva, mtima n'kufewa, chala n'kudina. Wina akakuuzani za ulendo wa gulu, funsani mtengo wa chinthu chilichonse pachokha, kenako fufuzani pa intaneti ngati malowo amalipiritsadi. Ine ndikanataya mphindi ziwiri zokha, mapaundi 58 bwenzi ali m'thumba, pafupifupi maola asanu osintha matewera a nkhalamba.

Tinalemba pagulu kufuna ndalama zathu. Achimwene anayankha kuti zinapita ku "mayendetsedwe", kenako anatuluka m'gulumo. Sabata yatha mnzanga wa ku Bradford wanditumizira uthenga umene ukuzungulira kwawoko: ulendo wa ku Ascot, kukaona banja lachifumu likudutsa pangolo, mapaundi 140. Nambala ya foni ndi yomwe ija.