Ndinalipira touchpad yatsopano, koma vuto linathetsedwa ndi mtsikana wa pa atachimenti

Ndikupereka nyenyezi zitatu kwa shopu yokonza makompyuta ya mu Limbe, ndipo ndineneretu kuti ziwiri mwa izo si za eni shopu ayi. Ndi za mtsikana amene amakhala pa tebulo la pakona, pafupi ndi zenera. Pakanapanda iyeyo, ndemanga ino ikanakhala ya nyenyezi imodzi, ndipo mkwiyo wake bwenzi ndikadali nawo mpaka lero.

Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina kunja kwa Blantyre. Laputopu yanga ndi zija zimabwera kuchokera kunja zitagwirapo kale ntchito, ili ndi Windows 10, ndipo chigulireni sinandivutepo kwenikweni kupatula chinthu chimodzi ichi. Kumapeto kwa teremu ndimalowetsa malikisi mu Excel, makalasi atatu, ana opitirira 200. Ndikalemba nambala, ndimatsitsa chala pa touchpad, paja timasisita poyendetsa kamuvi ka pa sikirini, kuti ndipite pa dzina lina. Pamenepo kamuvi kankangoti njo, osasuntha. Ndigogode, zii. Ndikadikira pang'ono kankadzuka n'kuyamba kuyenda bwinobwino. Ndilembenso nambala, kaimanso. Ena anena kuti bwanji osangogwiritsa ntchito mabatani a mivi aja. Amene anachongapo mayeso akudziwa kuti mapepala sabwera motsatira mayina: mwanyamula la mwana wa pa mzere 12, lotsatira ndi la wa pa 63, kenako kubwerera pa 5. Chala chimachoka pa kiyibodi kupita pa touchpad mwana aliyense.

Kwa miyezi ndinkangopirira. Chimene chinandidzutsa n'chakuti usiku wina ndinagogoda pa dzina la mwana, kamuvi sikanamve, ine maso ali pa pepala, n'kulemba 31 pamwamba pa 78 ya mtsikana wina amene amalimbikira kwambiri m'kalasi mwanga. Ndinazindikira m'mawa poyerekeza ndi mapepala. Ikanadutsa imeneyo, lipoti lake likanapita kwa makolo likunena kuti walephera. Tsiku lomwelo ndinafunsa mnzanga wa ku sitafu komwe amakonzetsa yake, ndipo ananditumiza ku shopu iyi ya mu Limbe, ija mumachita kukwera masitepe.

Eni ake ndi bambo achikulire ndithu, olankhula modekha, ndipo poyamba ndinawakhulupirira. Ndinawafotokozera zonse monga ndafotokozera apamu. Ndinabwereza kawiri kuti touchpad imagwira bwino nthawi zonse, imangoima ndikangomaliza kulemba basi. Iwo anasisita kamodzi, kugogoda kawiri, n'kutseka laputopu.

"Aphunzitsi, iyi ikufa. Makompyuta a kunjawa ndi mmene amayambira. Tiike ina."

Ndinafunsa kuti nanga ikufa bwanji pomwe ndikasiya kulemba imayenda? Anati mawaya a mkati akayamba kutopa amachita choncho. K65,000, chipangizo ndi ntchito yomwe, ndibwere Lachisanu. Ndinalipira zonse pompo.

Lachisanu ndinakwera minibasi n'kukapeza kuti chipangizo sichinafike. Foni yawo ikalira sayankha, meseji ya pa WhatsApp amaiona koma osabweza. Laputopu inagona kumeneko masiku asanu ndi anayi, mkati mwa sabata ya malipoti, ine ndikupemphapempha kompyuta ya ku ofesi anthu akaweruka. Tsiku lokaitenga anandionetsa kamuvi kakuyenda uku ndi uku pa sikirini. Koma kuyenda kumeneko kankayenda ndi kale. Palibe amene analemba ngakhale chilembo chimodzi kuti aone ngati chimene ndinabwerera chatha. Nditafika kunyumba ndinatsegula Excel, kulemba 54, kutsitsa chala. Njo. Chimodzimodzi.

Loweruka ndinabwererako nditapsa mtima, lisiti lili m'manja. M'shopumo munali anthu anayi kapena asanu akudikira mafoni ndi makompyuta awo. Bambo aja anamvetsera, kenako anati ndiye kuti vuto ndi kiyibodi, ikuchita shoti n'kusokoneza touchpad, ndiwonjezere K40,000. Ngati si kiyibodi, ndiye Windows yakalamba, aifufute aike ina. Apa mawu anga anakwera. Ndinawafunsa kuti kodi tizingosintha chimodzichimodzi mpaka laputopu yonse ithe, ndalama zikuchoka m'thumba mwanga? Ndinawauza kuti malipiro a mphunzitsi amawadziwa, ndipo K65,000 si ndalama yoti munthu angoyesera nayo.

Nthawi yonseyi mtsikana uja anali pakona pake akumasula tizomangira ta laputopu ina. Anaika sikuludilaiva pansi, n'kubwera pang'onopang'ono.

"Bwana, ndingaioneko pang'ono?"

Bambo aja anangokweza mapewa. Iye anatembenukira kwa ine.

"Madamu, pepani. Mungandionetse mmene mumachitira mukamalowetsa malikisiwo? Chitani ngati muli kunyumba."

Chiyambireni nkhaniyi, uyu anali munthu woyamba kundipempha zimenezi. Ndinakhala pa mpando, kutsegula fayilo, kulemba nambala, kutsitsa chala. Kamuvi kanaima. Anati ndibwereze. Kanaimanso. Anati tsopano ndilembe nambala, ndiwerenge chamumtima mpaka katatu, kenako ndisisite. Kanayenda. Anatenga mausi ya waya pa tebulo lake n'kuilumikiza, nandiuza kuti ndizilemba ndi dzanja limodzi iye akuyendetsa mausiyo. Kamuvi kanayenda osaima ngakhale pang'ono, ine ndikulemba. Anapendeketsa laputopu n'kuyang'ana m'mbali mwa touchpad ngati yatukuka, n'kudina ngodya zake zonse kumva ngati zikulira bwino. Kenako anamwetulira.

"Madamu, palibe chafa apa. Kompyuta ikuchita dala."

Anazula mausi ija. Anadina batani la Windows limodzi ndi I, kutsegula Settings, kulowa pa Devices, kenako Touchpad. Pali kabokosi kolembedwa Touchpad sensitivity, ndipo mkati mwake muli zosankha zinayi: Most sensitive, High sensitivity, Medium sensitivity ndi Low sensitivity. Yanga inali pa Low. Anaikweza pa Most sensitive n'kundibwezera laputopu. Ndinalemba 54, kutsitsa chala, kamuvi kanathamanga nthawi yomweyo. Ndinalemba ina, chimodzimodzi. Ndinalowetsa ana khumi motsatizana anthu onse aja akuyang'ana, osaima ngakhale kamodzi. Zonsezi sizinakwane mphindi zisanu.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mmene anafotokozera, mosadzitama komanso mosanyoza bwana wake. Anayala manja ake pa kiyibodi n'kundionetsa mmene chikhatho chimakhalira pamwamba penipeni pa touchpad munthu akamalemba. Anati opanga makompyuta anaona kuti chikhatho chikakhudza pamenepo, kamuvi kamadumphira pena, n'kupezeka kuti mawu akulowa pakati pa chiganizo china. Ndiye anakonza zoti mukangodina chilembo kapena nambala, kompyuta izinyalanyaza touchpad kwa kanthawi kochepa, poganiza kuti chakhudzacho ndi chikhatho. Mukaika pa Low, imakayikira kwambiri. Mukaika pa Most sensitive, imamvera chilichonse chakhudza. Kwa munthu wolemba kalata yaitali, chitetezo chimenechi n'chothandiza. Kwa ine wodumpha pakati pa nambala ndi touchpad mphindi iliyonse, chinali chopinga. Anaganiza kuti mwina mwini wake woyamba ndiye anaitsitsa chifukwa cha kalembedwe kake. Mausi ya waya ija sinaime chifukwa chitetezocho chimangoyang'ana touchpad yokha.

Ndinamupempha andilembere kuseri kwa lisiti, chifukwa ndikudziwa aphunzitsi anzanga awiri amene amadandaula zofananazi. Analemba njira ija, n'kuwonjezera kuti pa Windows 11 mumapita pa Settings, Bluetooth & devices, Touchpad, kenako Taps, ndipo kabokosi kake n'komweko. Anatinso malaputopu ena akale, amene touchpad yake imayendera pulogalamu ya Synaptics, amabisa zimenezi mu Control Panel pa Mouse, pansi pa dzina loti PalmCheck kapena SmartSense, ndipo mumangokokera kachingwe kake chakumunsi. Anandiuzanso mmene touchpad yowonongeka zenizeni imachitira: imakana ngakhale simukulemba, kapena imatukuka n'kuuma podina chifukwa batire la pansi pake latupa, ndipo batire lotupa si loseweretsa, lichotsedwe msanga. Ikangoti zii osadzukanso, muyambe mwayesa batani la Fn limodzi ndi lija lojambulidwa touchpad pa mzere wa pamwamba, chifukwa ambiri amaizimitsa okha mosadziwa. Za Windows yokalamba ija ndinamufunsanso. Anati n'zoona kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo ndiyenera kuyamba kuganizira za m'tsogolo, koma zimenezo sizikukhudzana ndi kuima kwa kamuvi.

Tsono ndinatembenukira kwa bambo aja ndi lisiti langa. Ndinati ndikufuna ndalama zanga, popeza touchpad yakale inalibe vuto. Anati chipangizo anachigula kale ndipo chaikidwa, kumene anagulako sangachilandire. Ndinati nanga yakale ili kuti? Anatsegula dirowa n'kuitulutsa ili m'kapulasitiki. Tinakokanakokana ndithu, ndipo sindibisa, panthawiyo ndinkawaona ngati munthu wodyera anzake masuku pamutu. Mapeto ake anandibwezera K20,000 ya ntchito, nandipatsa touchpad yakale ija. K45,000 inapita, osawerengera ya minibasi maulendo anayi.

Koma ndinene chilungamo, chifukwa pali zina zimene ndinaona mtima utayamba kutsika. Ndinkaopa kuti mtsikana uja adzudzulidwa ine ndikangotuluka, poti wachititsa manyazi bwana pamaso pa makasitomala. Sizinatero. Ndisanatsike masitepe, bambo aja anaitana anyamata awo awiri n'kumuuza mtsikanayo kuti awaonetse kabokosi kaja, iwonso ataima kumbuyo akuyang'ana, magalasi ali pamphuno. Si mabwana ambiri angachite zimenezo. Chinanso, pamene anatsegula laputopu kuti aike touchpad, anapukutanso fumbi la pa fani osandilipiritsa. Kale inkalira ngati chigayo ndipo inkatentha pamiyendo, pano ili phee. Mafayilo anga onse ndinawapeza ali momwemo. Ndipo Lolemba madzulo, anthu omwe aja osayankha foni anandiimbira okha kufunsa ngati zikuyenda. Anati, "Aphunzitsi, tinakulakwirani, tinafulumira." Sanawonjezere ndalama, koma mawuwo anawanena.

Ndiye sindingawatche akuba. Manja awo ndi aluso, touchpad anaiika bwino, palibe kachomangira kosowa kapena pulasitiki yosweka. Vuto lawo ndi khutu. Ndinawauza kawiri chizindikiro chenicheni, choti zimachitika ndikangomaliza kulemba, ndipo chimenecho chokha chinali chokwanira kuwalozera ku Settings asanakhudze sikuludilaiva. Iwo anamva mawu oti touchpad basi, maganizo n'kuthamangira kusintha chipangizo. Zimandiwawabe ndikakumbukira kuti Loweruka lija ndikanangogonja, bwenzi nditagulanso kiyibodi, kenako n'kufufutitsa Windows, ndipo pomwepo vuto likanatha kuchepa mwangozi chifukwa zonse zikanabwerera mmene zimakhalira ikangoikidwa kumene, ine n'kumathokoza osadziwa kuti ndataya ndalama zoposa K100,000 pachabe.

Chenjezo limodzi kwa amene mukufuna kuyesa njirayi, ndipo mtsikana uja anandichenjezeratu. Most sensitive ili ndi mtengo wake. Sabata yotsatira ndikulemba mafunso a mayeso a Fomu 2, kamuvi kanadumpha kangapo chikhatho chitakhudza, n'kupezeka kuti theka la funso lachisanu lalowa m'funso lachiwiri. Ndinatsitsa pa High sensitivity ndipo zinakhazikika. Panopa ndikamalemba zinthu zazitali ndimasiya pa High, ikafika nthawi ya malikisi ndimakweza pa Most sensitive. Kusinthako n'kwa masekondi ochepa. Mmodzi mwa aphunzitsi anzanga aja ndinamusinthira ndekha mu sitafu pa nthawi ya buleki, potsatira zolembedwa kuseri kwa lisiti, ndipo yake inatheka. Ya winayo inakana, pake n'potukuka, ndiye ndamuuza akaonetse batire.

Kodi ndingabwererenso ku shopu imeneyi? Pa zofuna kumasula ndi kumanga, monga sikirini yosweka kapena pobayira chaja, inde, koma ndidzayamba ndaonetsa vuto pamaso pawo, ndipo sindidzalipiranso zonse ntchito isanayesedwe. Inunso mukapita, musangofotokoza pakamwa. Khalani pansi, tsegulani fayilo yanu, muchite chimene mumachita kunyumba iwo akuona, ndipo potenga muyesenso chomwecho musanatsike masitepe. Mukapeza mtsikana wa pakona uja alipo, pemphani kuti aione iyeyo.

Anandiuza kuti akuchokera ku koleji ya zaluso ndipo atachimenti yake ikutha mwezi wamawa. Ndinafuna kumupatsa kangachepe pa K20,000 ija, anakana, nati ndi ntchito yake. Pamene bambo aja anandiimbira Lolemba, ndinawauza kuti mwanayo asamutaye, amulembe ntchito akamaliza sukulu. Anati aganizira.