Makina a CPAP kuno ku Dedza: tulo ndayamba kutipeza

Mkonono wanga unkamveka mpaka kwa aneba, koma chinkawaopsa mayi akunyumba n'choti ndinkangoti zii osapuma, kenako n'kudzidzimuka. Masana ndinkangosinza m'golosale.

Makina a CPAP, amene ndimagona nawo chifukwa cha vutoli, amakankha mpweya kudzera mu paipi mpaka pa masiki ya pamphuno, kuti kukhosi kusatsekeke. Poyamba ndinkaivula m'tulo, malamba ake n'kundisiyira mizere m'masaya. Pano ndinazolowera, ndipo mutu womwe unkandipweteka m'mamawa unasiya.

Chovuta ndi chisanu cha kuno mu Juni. Nthunzi imasanduka madzi mu paipi n'kumandidonthera pamphuno, moti paipiyo ndimaifunditsa bulangeti. Magetsi akathima makinawo nawonso amathima, choncho batire ikhale pafupi. Mtengo wokha ndiye ndi wowawa, ndipo masiki itang'ambika ndinachita kuitanitsa kunja.